Timauthenga tikungotumphuka pa sikirini, Chrome nayo ikuchedwa: tiyambire pati?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino ali ndi nkhawa. Akuti laputopu yawo ya Windows 10 yayamba kuchedwa kwambiri akamatsegula masamba pa Chrome, ndipo pakona ya kumanja m'munsi mwa sikirini pakumatumphuka timauthenga tonena kuti kompyuta yagwidwa ndi mavairasi, tina totsatsa malonda. Timatuluka ngakhale atatseka masamba onse. Akufunsa ngati agule antivirus imene uthengawo ukuwauza, kapena ngati makinawo angotha basi.

Mayi, ndiyambe ndi kukupemphani chinthu chimodzi: musadine timauthengato, musalipire kalikonse, ndipo ngati palembedwa nambala ya foni musaiimbire. Machenjezo enieni a Microsoft sakhala ndi nambala yoti muimbe. Amene amayankha mafoni amenewo ndi akuba. Amalankhula mwaulemu, kenako amakuuzani kuti muike pulogalamu yowalola kuyendetsa kompyuta yanu ali kutali, ndipo mukangovomera aona zonse zimene munasungamo. Zimandiwawa kwambiri chifukwa amene amagwa m'mbuna imeneyi nthawi zambiri ndi anthu osamala, ofuna kuteteza zinthu zawo.

Momwe mwafotokozera, sindikuganiza kuti muli ndi vairasi. Kakatumphukanso kauthengako, kayang'anitsitseni musanakatseke. Muona dzina la Google Chrome, ndiponso adiresi ya webusaiti inayake yachilendo yolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono. Ameneyo ndiye akukutumizirani. Tsiku lina munalowa pa tsamba lina, mwina mukufuna kuonera vidiyo kapena kupanga dawunilodi chinachake, ndipo panatuluka kabokosi kokhala ndi mabatani awiri, Allow ndi Block. Masamba achinyengo amanena kuti mudine Allow kuti vidiyo iyambe, kapena kuti mutsimikize kuti sindinu loboti. Mukadina, mwawapatsa chilolezo chokutumizirani mauthenga nthawi ina iliyonse Chrome ikamagwira ntchito, ngakhale tsamba lawo mutalitseka kalekale. Si kupusa ayi, kabokosiko anakatchera dala kuti munthu adine mofulumira.

Chilolezocho mukhoza kuwalanda pompano. Mu Chrome, pamalo pamene mumalemba adiresi ya webusaiti, lembani chrome://settings/content/notifications, kenako tsikirani pa mndandanda wa masamba ololedwa kutumiza mauthenga. Tsamba lililonse limene simukulidziwa, dinani timadontho titatu tili pambali pake n'kusankha Block. Ndimakonda Block kuposa Remove, chifukwa mukangolichotsa likhoza kudzakupemphaninso mawa. Tsiku lina ndinachita zimenezi pa kompyuta ya m'bale wanga. Mndandanda unali wodzaza ndi mayina a zilembo zosakanikirana ndi manambala, osawerengeka n'komwe, ndipo titamaliza sikirini inangoti zii. Pa tsamba lomwelo mukhoza kuletseratu masamba onse kupempha chilolezo chimenechi, ndipo kwa anthu ambiri ndi bwino kutero.

Tsopano za kuchedwa. Musanaimbe mlandu kompyuta, yesani foni yanu pa Wi-Fi yomweyo. Ngati nayonso ikukwawa, vuto ndi intaneti. Ngati foni ikuthamanga, dinani Ctrl, Shift ndi N pamodzi kuti mutsegule windo la Incognito, n'kulowa pa masamba omwe aja. Mu Incognito ma extension, timapulogalamu towonjezera timene timaikidwa mu Chrome, sagwira ntchito pokhapokha mutawalola nokha, ndiye mukaona kuti zinthu zayamba kuyenda bwino, mwapeza pobisalira mdani. Pitani pa chrome://extensions muchotse chilichonse chimene simukukumbukira kuti munaika, makamaka zolonjeza kukupezerani zotsika mtengo, kusintha mafayilo kukhala PDF, kapena kufulumizitsa kusaka. Chrome ilinso ndi Task Manager yakeyake imene ambiri saidziwa: dinani Shift ndi Esc, muona tab (tsamba lotsegula) kapena extension imene ikudya memory yambiri ya kompyuta.

Zizindikiro ziwiri zimandiuza kuti vuto lapitirira pa Chrome. China ndi chakuti mukasaka kanthu, zotsatira zikubwera pa tsamba lachilendo limene simunasankhe. Chinanso ndi mawu akuti Managed by your organization m'munsi mwa menyu ya Chrome, pamene laputopu ndi yanuyanu, si ya kuntchito kapena kusukulu. Zikatero nthawi zambiri pali pulogalamu yotsatsa malonda imene inalowa mozemba pamodzi ndi pulogalamu ina yaulere. Dinani batani la Windows ndi R, lembani appwiz.cpl, ndipo sanjani mapulogalamuwo potengera tsiku limene anaikidwa. Yang'anani zimene zinalowa masiku amene vuto linayamba. Dzina limene mukulikayikira, yambani mwalifufuza musanalichotse, kuopa kuchotsa chofunika. Mukatero yendetsani AdwCleaner, kapulogalamu kaulere ka kampani ya Malwarebytes, kotengedwa pa webusaiti yawo yeniyeni, kenako Full scan ya mu Windows Security. Antivirus ya Microsoft Defender imene inabwera kale ndi Windows yanu ndi yokwanira pa ntchito imeneyi, simufunika kugula ina.

Zikakanikabe, mu Settings ya Chrome muli Reset settings. Imazimitsa ma extension onse n'kufufuta ma cookie (timafayilo timene masamba amakukumbukirani nato), koma ma bookmark ndi mapasiwedi osungidwa amatsala. Ambiri amathamangira kufufuta cache (zidutswa za masamba zimene Chrome imasunga) ndi Ctrl, Shift ndi Delete. Sikulakwa, koma sikuchotsa timauthenga totumphuka tija.

Simunandiuze kukula kwa RAM, memory imene laputopu yanu imagwirira ntchito. Ngati ndi 4GB, ma tab 20 otsegula nthawi imodzi aitopetsa ngakhale ilibe vuto lina, choncho yatsani Memory Saver pansi pa Performance mu Settings. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a nthawi zonse a Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye onani mu Windows Update ngati makina anu angalandire Windows 11.

Ngati munadina kale n'kulemba pasiwedi kapena nambala ya khadi lanu la kubanki, musadikire kuti mumalize zonsezi. Imbirani banki yanu lero lomwe kuti atseke khadilo, ndipo musinthe mapasiwedi pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, kuyambira ndi wa imelo.