Mayi a ku Rosettenville, chotupa cha mwanayo chisadikire Disembala

Mayi wina wa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg kuno ku South Africa, wandilembera imelo. Mwana wake wa zaka 5 ali ndi mawanga oderako pakhungu, ndipo madokotala anati ndi NF1. Kuyambira ali khanda wakhala ndi chotupa chofewa pantchafu, koma miyezi iwiri yapitayi chakula, chalimba, ndipo mwana akulira usiku. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndi khansa? Ndidikire Disembala tikamuonetse kumudzi?"

Mayi, chonde musadikire. Kalata yanu yandisowetsa mtendere, makamaka pamene mwatchula za kulira usiku.

NF1, dzina lake lonse neurofibromatosis type 1, ndi matenda obadwa nawo amene amapezeka mwa munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 3,000. Theka la odwala sanatengere kwa kholo lililonse, choncho kuchimuna ndi kuchikazi asalozane zala, ndipo za ufiti zisaloweponso. Zotupa za matendawa zimamera pa chikutu chimene chimakuta mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, ndipo zambiri mwa izo si khansa.

Vuto ndi lakuti chotupa chonga cha mwana wanu, chija chimayanga motsatira mtsempha, nthawi zina chimasanduka khansa yotchedwa MPNST. Ndi yosowa, ndipo kwa ana aang'ono ndi yosowa kwambiri. Imakonda kugwira achinyamata ndi akuluakulu. Komabe pafupifupi theka la amene amaidwala ndi anthu a NF1, ndipo mwa anthu 100 a NF1, pakati pa 8 ndi 13 amadzaidwala pa moyo wawo. Chimene madokotala amachiyang'anitsitsa ndi kusintha: chotupa chakale kuyamba kukula mothamanga, chofewa kulimba, ululu wosatha wodzutsa mwana kutulo, mwendo kuchita dzanzi kapena kufooka. Inu mwatchula zitatu. Yankho lenileni lichokera ku MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, ndi kudulako kachidutswa ka chotupacho kukapima, osati kukhudza ndi zala.

Kufulumiraku kuli ndi chifukwa chake. Khansa imeneyi siimva kwenikweni kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa. Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni yochotsa chotupa chonse pamodzi ndi mnofu wozungulira, nthawi zina n'kuwotchanso malowo ndi makina a radiyesheni. Chikadali chaching'ono, chisanafalikire ku mapapo, dokotala amakhala ndi mpata wochichotsa chonse.

Mawa lawirirani ku kiliniki, mukapemphe kalata yokutumizani kwa madokotala a khansa ya ana ku chipatala cha Charlotte Maxeke ku Parktown kapena cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Tengani mapepala onse akale ndi zithunzi za pafoni zoonetsa mmene chotupacho chinalili. Mawu akuti "chasintha" akhale oyamba kutuluka pakamwa panu.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife timaopa zipatala za kuno chifukwa cha mapepala okhalira m'dziko muno ndi ndalama. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linalamula kuti ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, mosayang'ana dziko limene achokera. Wanuyo ali ndi zaka 5. Mukafika ku wodi, funsaninso za CHOC, bungwe limene limathandiza makolo a ana odwala khansa ndi malo ogona komanso uphungu.

Agogo ake aimbireni foni madzulo ano, muwauze kuti ulendo wa Disembala udalira zimene MRI ionetse.