Funsani Dokotala: Ndikukonzekera mpikisano wa makilomita 21, koma mwendo wandigwira

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 44. Ndinalembetsa mpikisano wa half marathon umene uchitike pakatha masabata 7. Chichokereni kusukulu sindinathamangepo, ndayamba mwezi wathawu ndipo ndimathamanga tsiku ndi tsiku, pano ndafika pa makilomita 8. Kuti mimba iphwe msanga ndimavala pulasitiki mkati mwa jekete, ndipo zikuthandiza chifukwa ndikabwerako sikelo imaonetsa kuti ndatsika ndi kilogalamu yathunthu. Vuto ndi mwendo wakumanzere, msongolo ukupweteka. Ndimamwa ibuprofen ndisananyamuke koma masiku ano sakugwiranso. Kodi pali mankhwala amphamvu kuposa amenewa? Mkazi wanga akuti ndisiye, poti bambo anga anangogwa n'kumwalira ali ndi zaka 52, komanso zaka ziwiri zapitazo kuchipatala anandiuza kuti BP yanga ndi yokwera, ndidzabwerenso. Sindinabwerereko chifukwa m'thupi sindimva kalikonse.

Yankho: Bambo, mankhwala amphamvu alipo, koma dzina lake simulimva kwa ine. Mwafunsa za mwendo, pamene nkhani yaikulu mwaikankhira kumapeto kwa kalata ngati yongodutsa. Munthu wa zaka 44 sangodzuka n'kuyamba kuthamanga tsiku ndi tsiku popanda chomuwinda. Ndikuganiza kuti mwakhala mukuwerengera zaka zotsala kuti mufike pa msinkhu umene bambo anu anatisiyira. Ndiye tiyambire pomwepo.

Kugwa ndi mtima pa mpikisano wotere sikuchitikachitika. Kafukufuku wina wa ku United States, amene anatuluka mu 2012 m'magazini ya New England Journal of Medicine, anaunika anthu pafupifupi 10.9 miliyoni amene anathamanga marathon ndi half marathon kuyambira 2000 mpaka 2010. Mwa onsewo, 59 ndi amene mtima wawo unaima. Akazi anu sakulakwa kuda nkhawa, koma kusiyiratu kuthamanga si yankho. Kungokhala n'kumene kumapha anthu ambiri, ndipo munthu wa BP yokwera akamathamanga kapena kuyenda ndawala kawirikawiri, BP yake imatsikako ndithu.

Komabe manambala amenewo ndi a chigulu. Inu muli ndi zinthu ziwiri zimene anzanu ambiri pa mzere woyambira alibe. Bambo kapena mchimwene akagwidwa ndi matenda a mtima asanakwane zaka 55, ife madokotala timatchera khutu, chifukwa ena mwa matendawa amayenda m'magazi a banja. Kwa anthu opitirira zaka 35, chimene chimagwetsa munthu pochita masewera nthawi zambiri ndi mitsempha ya mtima imene yakhala ikutsekeka mwakachetechete, ndipo BP yosasamalidwa ndi imodzi mwa zinthu zimene zimaiwononga. Mukuti simumva kalikonse. Eya, BP ndi momwemo. Ikafika pomveka imakhala itawononga kale impso, mtima kapena ubongo. Zaka ziwiri, bambo! Nthawi yothamanga tsiku ndi tsiku mwaipeza, koma m'mawa umodzi wokakhala pa benchi ya chipatala wakusowani?

Pitani sabata ino, musanathamangenso. Mukafika musangoti mwabwera kudzayezetsa BP. Muwauze zonse zitatu: za imfa ya bambo anu ndi zaka zawo, za mpikisano, ndi za ibuprofen amene mwakhala mukumwa, kangati patsiku komanso kwa masiku angati. Ayeze BP mobwereza, chifukwa kuyeza kamodzi sikukwanira. Ikamakhala pa 140/90 kapena kuposa, ndiye kuti ndi yokwera. Amvetsere mtima, aujambule ndi ECG (makina oonetsa kagundidwe ka mtima), ayeze shuga, mafuta a m'magazi ndi mmene impso zikugwirira ntchito. Akaona chokayikitsa angakutumizeni kukaunika mtima ndi echo (sikani yoonetsa mkati mwa mtima), kapena kukauyeza mukuyenda pa makina. Ndipo musananyamuke, funsani mayi anu kapena achibale a bambo kuti kuchipatala ananena kuti chinawapha n'chiyani, komanso ngati pali ena m'banjamo amene anamwalira mwadzidzidzi akadali ndi mphamvu. Yankho la funso limenelo lingasinthe zimene dokotala angasankhe kuyeza. Akakupatsani mankhwala a BP, dziwani kuti ambiri amathamanga mipikisano akumwa mankhwalawo, ndipo kuthamanga sikukupatsani chilolezo chowasiya.

Tsopano pulasitiki uja. Pamenepa mundilole ndichedwepo, chifukwa bodza limeneli ndi lokakamira kwambiri, ndipo ndimalimva ngakhale kwa anthu ophunzira bwino. Thukuta si mafuta osungunuka. Ndi madzi, osakanikirana ndi mchere pang'ono. Mafuta thupi likawagwiritsa ntchito amasanduka mpweya wa carbon dioxide ndi madzi, ndipo gawo lalikulu limatuluka kudzera m'mapapo mukamapuma. Kilogalamu imene mukuiona itachoka pa sikelo ndi lita imodzi ya madzi. Dziyezeninso mawa lake m'mawa mutamwa ndi kudya, muipeza itabwerera pamalo pake. Kuti muwotche kilogalamu yeniyeni ya mafuta pamafunika makilomita ochuluka zedi, pafupifupi 100, osati 8.

Pulasitikiyo akanakhala wongokunamizani chabe ndikanangoseka. Koma ndi woopsa. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha kwambiri, ndipo njira yaikulu imene thupi limadziziziritsira ndi thukuta likamauma pakhungu. Thukuta loyenderera mkati mwa pulasitiki siliziziritsa kanthu. Thupi limaona kuti kutentha sikukutsika, ndiye limawonjezera thukuta, madzi m'magazi amachepa, mtima n'kumagunda mofulumira kuti ukwanitse kudyetsa minofu ndi khungu nthawi imodzi. Mtima womwewo umene simunakauyezetse. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukapitirira madigiri 40 munthu amasokonezeka mutu, amadzandira, amakomoka, ndipo ena sadzukanso. Amene anakuuzani nzeru imeneyi mwina adzati iwo achita zaka zambiri osafa. Zoona, sanafe, koma afunseni ngati mimba inaphwa chifukwa cha pulasitiki. Valani malaya opepuka olowa mphepo. Mukatero mudzathamanga mtunda wautali musanatope, ndipo mtundawo ndi umene umadya mafuta.

Ibuprofen ndi pulasitiki akakumana ndiye zimafika poipa. Mankhwala a gulu limeneli, pamodzi ndi diclofenac, amachepetsa magazi opita ku impso. Kuthamanga nakonso kumapatutsa magazi kuwachotsa ku impso kupita ku minofu, ndipo inu mukuwonjezerapo kuuma kwa thupi. Anthu avulalapo impso motere. Mankhwala omwewa amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mankhwala ena a BP, ndipo amayambitsa zilonda za m'mimba, makamaka mukawamwa m'mimba mulibe kanthu monga amachitira ambiri othamanga m'mamawa. Asiyeni lero. Ngati chimbudzi chikutuluka chakuda bii, kapena mkodzo wachepa kwambiri kapena wasanduka woderako ngati tiyi wopanda mkaka, musadikire n'komwe sabata, pitani tsiku lomwelo.

Za msongolo, mfundo yake ndi yakuti mtima ndi mapapo zimazolowera kuthamanga msanga, m'masabata ochepa, pamene mafupa ndi minyewa zimatenga miyezi. Mpweya ukuti tiyeni, fupa lisanakonzeke. Ululu ukakhala wofalikira m'mbali mwa fupa chamkati, utali ngati wa chikhatho kapena kuposa, n'kumachepa mukapuma, kawirikawiri kumakhala kungotukusira kwa fupa ndi minofu yogwira pamenepo, ndipo kumatha mukachepetsa mtunda. Koma ukakhala pa malo amodzi oti mungaloze ndi chala, pakatupa, mukamalephera kudumpha ndi mwendo umenewo wokha, kapena ukamapweteka mukungoyenda ngakhale usiku muli gone, timaopa kuti fupa layamba mng'alu. Mawu anu akuti mankhwala sakugwiranso andidetsa nkhawa. Kumwa opha ululu pa fupa lotere kuli ngati kupaka penti pa mng'alu wa khoma uku mukupitiriza kusanjikiza njerwa. Dziwaninso kuti X-ray ya m'masabata awiri kapena atatu oyamba imatha kuoneka yabwinobwino fupa lili ndi mng'alu, choncho dokotala akakuuzani kuti mupumitse mwendo ngakhale chithunzi chili choyera, mverani. Mng'alu wotere umafuna masabata 6 mpaka 8 osathamanga, nthawi zina kuposa. Kupalasa njinga kapena kusambira, ngati sizikupweteka ndipo za mtima zayenda bwino, kudzakusungirani mpweya pa nthawi imeneyi.

Akakumasulani, muyambenso mwa mtundu wina. Half marathon ndi makilomita 21.1, ndipo woyamba kumene amafunika masabata 12 mpaka 16, kuwerengera pamene akutha kale kuthamanga makilomita 5 mosavutika. Katatu kapena kanayi pa sabata n'kokwanira, chifukwa fupa limalimba pa tsiku lopuma. Tsiku limodzi pa sabata likhale la mtunda wautali, muziwonjezera kilomita imodzi kapena iwiri basi, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzibwererako pang'ono. Liwiro likhale loti mungathe kucheza ndi mnzanu osadula mawu ndi befu. Kusakaniza kuthamanga ndi kuyenda si manyazi. Mukafika pa makilomita 16 mpaka 18 kutatsala masabata awiri, mwakonzeka. Masiku otsalawo ndi ochepetsa, osati obwezera zimene munaphonya. Pa tsiku la mpikisano musavale nsapato zatsopano kapena kudya chinthu chimene simunachiyesepo pokonzekera. Madzi muzimwa mukamva ludzu, osadzikhuthulira pa tebulo lililonse, chifukwa madzi opyola muyezo amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezo nazo zimakomola.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kukambirana, kaya muli pokonzekera kaya mwatsala kilomita imodzi kuti mumalize: chifuwa kuthina kapena kulemera, ululu wopita ku mkono, kukhosi kapena ku nsagwada, kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu, mtima kugunda mosalongosoka, chizungulire kapena kukomoka muli mkati mothamanga. Imani pomwepo, itanani anthu, akutengereni kuchipatala. Musayende nokha kubwerera kunyumba kuti mukaone ngati zisinthe. Akazi anu adziwenso zizindikiro zimenezi, ndipo ndingakonde mutapita nawo limodzi kuchipatala kuti akamve okha zimene zapezeka.

Nanga mpikisano wa masabata 7 uja? Kunena mosabisa, sindikuuona. Kuchoka pa makilomita 8 kufika pa 21 ndi mwendo wopweteka kale, nthawi imeneyi ndi yochepa, ngakhale zitapezeka kuti fupa lilibe mng'alu. Funsani okonza mpikisanowo ngati angakusamutsireni ku mtunda waufupi wa makilomita 5 kapena 10, poti mipikisano yambiri imakhala nayo, kapena akusungireni malo ulendo wina. Waufupiwonso muthamange pokhapokha dokotala atakuonani, BP itakhazikika, ndipo mukutha kudumpha ndi mwendo wakumanzerewo popanda ululu.