Part A yokha siyilipira dialysis, werengani miyezi 30 ija

Mayi, mwati amuna anu anayamba dialysis (kusefa magazi ndi makina impso zikaleka kugwira ntchito) mu February 2024 kuno ku America, ali ndi inshulansi ya kuntchito, nde wina anakuuzani kuti ku Medicare, inshulansi ya zaumoyo ya boma la federo, lembetsani Part A yokha poti ndi yaulere, Part B musiye kaye chifukwa ndi yolipira, inu munachitadi zomwezo, ndipo mukufunsa ngati zili bwino choncho. Sizili bwino, ndipo amene anakulangizaniyo amayenera kudziwa zimenezi.

Lamulo la 1972 limalola munthu amene impso zake zasiyiratu kugwira ntchito kulowa Medicare ngakhale asanafike zaka 65, bola iyeyo, mkazi kapena mwamuna wake, kapena kholo ngati ndi mwana, anagwira ntchito yodula msonkho wa Social Security nthawi yokwanira. Kwa amene amasefedwa magazi ku kiliniki ufuluwo umayamba tsiku loyamba la mwezi wachinayi, nde kwa abambowo ndi 1 May 2024. Kuyambira pamenepo pali miyezi 30 yomwe inshulansi ya kuntchito ndiyo imalipira koyamba. Miyeziyi imawerengedwa kaya mwalembetsa kaya simunalembetse, sidikira munthu. Yanu ikutha October 2026, kufika November Medicare ndiyo ikhala patsogolo, ya kuntchito ija izingothandizira zotsala.

Apa ndi pamene ndaona mabanja akugwa. Dialysis ya ku kiliniki, katatu pa sabata ija, imalipidwa ndi Part B, Part A ndi yogonera m'chipatala makamaka. Nde November akafika mulibe Part B, kampani ya inshulansi itha kunena kuti ife tilipira kagawo kathu kokha ngati kuti Medicare yalipira kale 80% yake, pamene Medicare siyinalipire kalikonse, bilu yonse yotsalayo nkubwera kunyumba kwanu. Choipa kwambiri ndi choti munthu wa matenda a impso amene anatenga A nkukana B alibe mwayi wapadera uja wolembetsa nthawi iliyonse umene anthu a zaka 65 ogwira ntchito amakhala nawo. Amadikira nthawi yolembetsa ya chaka chilichonse, 1 January mpaka 31 March, B nkuyamba mwezi wotsatira umene walembetsa. Mukaphonya January mpaka March wa 2026, wina ndi wa 2027, zomwe zikutanthauza kuti November, December ndi January abambo adzakhala pa makina opanda wolipira gawo lalikulu. Palinso chilango cha 10% pa ndalama ya pamwezi pa miyezi 12 iliyonse yathunthu imene munachedwa. Mukanasiya zonse ziwiri A ndi B mukanatha kulembetsa limodzi kumapeto popanda chilango, kutenga imodzi ndi kumene kumatsekera anthu chitseko.

Zoti alamu anu akuti bwanji mulipire kawiri pamene kuntchito kuli inshulansi, asiyeni, bilu ikabwera sadzasainira iwo.

Kodi zingakonzeke msanga? Mwina, sindilonjeza. Pali chinthu chimatchedwa equitable relief, kupempha Social Security kuti ikulowetseni mu B kapena ichotse chilango chifukwa munasocheretsedwa, koma chimagwira ngati wokusocheretsaniyo anali wantchito wa boma la federo. Ngati anali wa ku kiliniki kapena wa ku HR kuntchito, kawirikawiri amakana. Inu mukuti simukukumbukira bwino kuti anali ndani, nde khalani pansi ndi abambo mufufuze mu foni ndi m'makalata, tsiku, dzina, ofesi, chifukwa kalata yongoti tinauzidwa ndi munthu wina siyipita patali. Njira ina ndi kubweza pempho la Part A lija nkudzalembetsa zonse pamodzi, koma pamenepo mumabweza ndalama zilizonse zimene A inalipira kale, ndipo ngati pali dongosolo loika impso ina musayerekeze kaye, poti kuti B idzalipire mankhwala oletsa thupi kukana impsoyo pamafunika kuti munthu anali ndi A mwezi wa opaleshoni.

Zina mwachangu. Pemphani ku kiliniki kope ya fomu CMS-2728, tsiku loyambira dialysis lolembedwa mmenemo ndilo aliyense adzawerengere, likalakwika likonzedwe pano. Lemberani kampani ya inshulansi ikuyankheni polemba kuti miyezi 30 yawo ikutha liti. Part B mu 2025 inali $185 pamwezi kwa ambiri, panalinso $257 yoyamba pachaka yolipira nokha, kenako 20% ya bilu iliyonse imene ilibe malire, ndipo apa ndi pamene ya kuntchito ija izithandiza, musayitaye. Ntchito ikatha, funsani za Medicaid ndi Medicare Savings Program, madongosolo a boma othandiza anthu opeza zochepa, malamulo ake amasiyana steti ndi steti, komanso Medigap, inshulansi yogula yolipira zimene Medicare yasiya, kwa osafika 65 si steti iliyonse imakakamiza makampani kugulitsa. Medicare ikakana kulipira bilu muli ndi masiku 120 ochita apilo kuchokera pamene mwalandira kalata yawo. SHIP, ofesi yolangiza za Medicare ya m'steti mwanu, imalangiza ulere, pitani ndi mapepala onse January asanafike.