Kasinja wachidole pa chipale chofewa, nanga pamatope athu?

FUNSO: Zikomo akonzi. Mlongo wanga wa ku Canada anatumizira mwana wanga kasinja wachidole woyendera rimoti, wa kampani ya Heng Long. Akuti wa ana ake amavula tcheni akamuyendetsa pa chipale chofewa (snow). Chimachititsa n'chiyani? Kodi kuzizira kwa kuno mu June kungamuwononge?
Bambo wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO: Bambo, tcheni cha kasinja chimakokedwa ndi gudumu la mano, monga cha njinga. Chipale chofewa chikakhala chonyowa chimamatirira pakati pa manowo, n'kumapanikizika mpaka kulimba ngati mwala. Mano sakolanso bwino, tcheni chimakungika kenako n'kuvuka, makamaka pokhota. Mwana akakakamiza, magiya apulasitiki amadyeka.

Pamadzi oundana vuto ndi lina: palibe pogwira, kasinja amangoterera. Matcheni apulasitiki akazizira kwambiri amaumanso, sachedwa kuthyoka. Achitsulo amapirira, komabe kasinja akachoka m'nyumba yofunda amasungunula chipale, madziwo n'kuundana m'mfundo za tcheni. Muwauze alongo anu kuti azimusiya panja kanthawi ayambe wazizira asanamuyendetse, koma batire likhale m'thumba, poti likazizidwa limatha msanga.

Ngakhale akasinja enieni anaziona izi. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, T-34 wa Soviet Union, wa matcheni otambalala pafupifupi masentimita 50, ankayenda pomwe ena ankatitimira, mpaka a Germany anachita kuwonjezera zitsulo m'mbali mwa matcheni awo.

Za June musade nkhawa. Mzuzu amazizira ndithu, ine ndimagona ndi mabulangete awiri, koma madzi amaundana pa 0°C, ndipo chisanu chotere n'cha ku Nyika. Chimene ndikuopa ine ndi matope. Mdzukulu wanga anayendetsa wake kuseri kwa nyumba mvula itangokata, ndipo katondo anadzaza m'mano chimodzimodzi chipale chija. Anamusiya usiku wonse, katondoyo n'kuuma gwa! M'mawa mota inkangolira, ndipo tinatha Loweruka lonse tikutokosa ndi kamtengo.

Choncho akamaliza kusewera, chotsani batire, tsukani tcheni ndi mswachi wakale, muumitse pamthunzi. Musathire girizi patcheni, amakoka mchenga. Ndipo pazithaphwi asamudutsitse: pansi pake pamalowa madzi, ndipo akafika pawaya kasinjayo wapita.