Mwana wanga anaphunzira zokonza maphunziro, nanga ntchito yake ili kuti?

Bambo wina wa ku Linthipe wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi wamaliza digiri ya zamaphunziro, akuti anazama pa instructional design ndi educational technology. Fizi yake ndinkalipira ndi ndalama za kachewere. Tsopano watha miyezi 8 ali pakhomo. Kodi ameneyu ndi mphunzitsi kapena wokonza makompyuta?"

Zikomo bambo. Wokonza makompyuta ayi, ndiye achibale asamamubweretsere mafoni akufa. Iye ali ngati wojambula pulani ya nyumba, omanga amabwera pambuyo pake. Amakhala pansi n'kulinganiza phunziro lisanafike kwa wophunzira: liyambire pati, chitsanzo chikhale chotani, lidutse pa wailesi, pa foni kapena m'buku, ndipo tidzadziwa bwanji kuti munthu wamvadi.

Chimene chimasokoneza ana ambiri n'chakuti dzina la maphunziro awowa silituluka kawirikawiri m'nyuzipepala za kuno. Olemba ntchito amati akufuna Training Officer, Curriculum Specialist, E-learning Officer kapena Content Developer. Mwana akamadikira malonda a ntchito olembedwa ndendende ngati pa satifiketi yake, adikira mpaka kachewere wina akumbidwe.

Malo ake alipo. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi ndi mabuku a ku pulayimale ndi ku sekondale. Ku Blantyre kuli Malawi College of Distance Education. Mwina munamvapo pulogalamu ya Tikwere pa wailesi ya MBC. Mphunzitsi wa pa wailesi uja akafunsa funso n'kukhala chete kuti ana m'kalasi ayankhe, dziwani kuti pali munthu amene anawerengera masekondi amenewo n'kuwalemba papepala. Ntchito ya mwana wanu ndi imeneyo. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, anthu a luso lotere ndi amene anafunika mwamsanga. Palinso BEFIT, ndondomeko imene boma linayamba mu 2023, yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi sola. Tabuleti payokha siphunzitsa aphunzitsi kagwiritsidwe kake, pamafunika munthu. Mayunivesite ngati Mzuzu University ndi LUANAR nawo ali ndi ophunzira a patali, ndipo manotsi a lekichala amafuna wowasandutsa phunziro loti munthu atsatire ali yekha kwawo.

Asaiwale kunja kwa sukulu. Mabanki amaphunzitsa antchito awo, makampani a mafoni amaphunzitsa ma ejenti, mabungwe amaphunzitsa alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi.

Koma apa ndiye ndikufuna mumuuze bwino. Pa ntchito imeneyi satifiketi imangokulowetsa pachipata, akafika mkati amati tionetse chimene unapanga. Ndiye miyezi ali pakhomoyi apange kanthu. Mwachitsanzo, akonze mauthenga asanu ojambula mawu a pa WhatsApp, uliwonse wa mphindi ziwiri, ophunzitsa mlimi kuzindikira chiwawu pa kachewere chisanamalize munda. Awatumize kwa alimi khumi a m'mudzi mwanu, inu mukhale woyamba, kenako awafunse zimene agwira. Pamene sanamve akonzenso, ndipo alembe zimene anasintha ndi chifukwa chake. Kalata yofunsira ntchito yokhala ndi chinthu chotere imaposa ya mnzake amene wangondandalika makosi. Aphunzirenso Moodle, pulogalamu yoikiramo maphunziro pa intaneti imene masukulu ambiri a ukachenjede amagwiritsa ntchito. Ndi yaulere, chimene chingamudye ndi bandulo basi.

Apitenso ku TDC ya zoni yanu, kumene aphunzitsi amakasulidwira luso, akaonane ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, apemphe kuthandiza pa maphunziro a aphunzitsi ngakhale popanda malipiro. Kumeneko ndi kumene mbiri ya mwayi imayamba kumveka.

Ndipo mwayi wauphunzitsi ukapezeka, kaya ku CDSS kaya ku pulayiveti, asaunyoze poganiza kuti watsika. Ine ndimakhulupirira kwambiri wokonza maphunziro amene anagwirapo choko, anaonapo ana akuyasamula m'mawa wozizira wa June kuno ku Dedza, kusiyana ndi amene amangodziwa kukongoletsa masilaidi. Aphunzitse zaka ziwiri kapena zitatu, uku akusunga zonse zimene akupanga mu foda imodzi, ndipo Loweruka lililonse aziona malonda a ntchito pansi pa mayina anayi aja.