Ndani anaona mapulaneti akupangika? Yankho kwa aphunzitsi a ku Katete

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi a sayansi pa sukulu ina ya sekondale ku Katete. Mwachidule akuti: "Buku lathu limangoti mapulaneti anapangika kuchokera ku fumbi ndi gasi zimene zinkazungulira dzuwa, basi. Mtsikana wina wa Grade 11 wandifunsa kuti ndani anaona zimenezi, nanga munthu wofufuza zotere amagwira ntchito yanji. Akufuna kudzaphunzira zakuthambo, koma kwathu kuno telesikopu kulibe. Ndimuuze chiyani?"

Aphunzitsi, zikomo posamubweza mwanayo. Ine ndikuti mumuuze za Viktor Safronov, chifukwa munthu amene anayala maziko a phunziro limeneli sanadalire telesikopu. Zida zake zinali pepala, cholembera ndi masamu.

Safronov anabadwa mu 1917 ku Russia ndipo anagwira ntchito ku Moscow, m'gulu limene linayambitsidwa ndi wasayansi Otto Schmidt. Ganizo loti mapulaneti anachokera mu mtambo wozungulira dzuwa silinali lachilendo, pakuti wafilosofi Immanuel Kant analilemba kale mu 1755. Chimene chinkasowa ndi manambala. Ndiye Safronov anayamba kufunsa mafunso ang'onoang'ono oti angathe kuwerengeredwa. Ngati matanthwe mabiliyoni akuzungulira dzuwa pamodzi, amagundana kangati? Pa liwiro lanji? Akagundana amamatana kapena amasweka? Anakhala pa mafunso amenewa zaka pafupifupi 20.

Zimene anapeza n'zosavuta kufotokoza m'kalasi. Thanthwe likakulako pang'ono, mphamvu yake yokoka imakhotetsa njira ya miyala imene ikanangodutsa pambali, moti limagwira zambiri kuposa kukula kwake. Choncho lalikulu limakula msanga kuposa anzake, mpaka m'dera lonselo mumatsala ochepa akuluakulu. Anawerengera kuti dziko lathu linatenga zaka pafupifupi 100 miliyoni kuti likule, ndiponso kuti chakumapeto linkawombedwa ndi zimatanthwe zikuluzikulu zedi. Iye anati kuwombana kotereku n'kumene kunapendeketsa mapulaneti: Uranus wapendekeka ndi madigiri 98, dziko lathu ndi madigiri 23 ndi theka. Apa ana anu muwaimitse kaye aganize, chifukwa kupendekeka kumeneku ndiko kumatibweretsera chisanu cha mu Juni, kutentha kwa mu Okutobala ndi mvula imene timabzalira chimanga.

Buku lake linatuluka mu 1969 m'Chirasha, pa nthawi imene asayansi a ku Soviet Union ndi a kumadzulo sankaonana kawirikawiri. Litamasuliridwa m'Chingelezi mu 1972, linafika m'manja mwa George Wetherill wa ku Carnegie Institution ku Washington, katswiri woyeza zaka za miyala. Wetherill anatenga masamu a Safronov n'kuwaika mu kompyuta, nalola matanthwe ongoyerekezera kuti azungulire ndi kugundana. Pamapeto pankatsala mapulaneti ochepa ofananako ndi Venus ndi dziko lathu. Mu 1975 William Hartmann ndi Donald Davis anapitiriza ganizo lomwelo n'kunena kuti mwezi unapangika kuchokera ku zidutswa zimene zinathothoka dziko litawombedwa ndi chinthu chachikulu. Safronov analandira mphoto ya Kuiper, ya akatswiri ofufuza mapulaneti, mu 1990 ndipo anamwalira mu 1999.

Tsono funso la mwanayo loti ndani anaona. Za dzuwa lathuli palibe anaona, koma umboni unatsala. Pa 8 Febuluwale 1969 mwala waukulu unagwa kuchokera kumwamba pafupi ndi mudzi wa Allende ku Mexico. M'miyala yamtundu umenewu muli timadontho toyera timene tayezedwa kuti tili ndi zaka pafupifupi 4,567 miliyoni, ndipo palibe cholimba china chodziwika chopangikira m'banja la dzuwa chakale kuposa timeneti. Umu ndi mmene timadziwira pamene ntchito inayambira.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri pa Safronov n'chakuti masamu ake anali omveka bwino moti ena anatha kuloza pamene panali mpata. Mu 1977 Stuart Weidenschilling anaonetsa vuto lalikulu. Gasi wozungulira nyenyezi yatsopano amayenda pang'onopang'ono kuposa miyala, choncho mwala uliwonse umalimbana ndi mphepo yochokera kutsogolo. Mwala wa mita imodzi, pa mtunda umene dziko lathu lili, umataya liwiro n'kugwera cha kudzuwa m'zaka pafupifupi 100 zokha. Komanso Jürgen Blum ndi anzake ku Braunschweig ku Germany, pogundanitsa fumbi mu labotale, anapeza kuti timibulu tikafika kukula ngati njere kapena nsangalabwi timayamba kunjanja ndi kusweka m'malo momatana. Nanga matanthwe a makilomita ambiri amene Safronov anayambira aja anachokera kuti? Funsoli linasautsa akatswiri kwa zaka pafupifupi 30.

Aliyense amene anapalasapo njinga pa Great East Road mu Ogasiti, mphepo ikuomba kumaso, angamvetse yankho lake. Ukakhala wekha umatopa msanga, koma mukakhala gulu, akumbuyo amabisala kwa akutsogolo, ndipo wotopa amene mwamupeza panjira amalowa m'gulumo. Andrew Youdin ndi Jeremy Goodman anaonetsa mu 2005 kuti timiyala timachita chimodzimodzi mkati mwa gasi. Pamene tachulukana timakankha gasi, mphepo imachepa, ndipo tina tobwera kuchokera kunja timaunjikana pomwepo. Mu 2007 Anders Johansen ndi anzake anaona pa kompyuta kuti mulu wotere ukalemera umadzikoka wokha n'kukhala thanthwe la makilomita mazana, osadutsanso pa msinkhu woopsa wa mita imodzi uja. Pa 1 Januwale 2019 chombo cha New Horizons chinajambula Arrokoth, thanthwe la kutali kupitirira Neptune. Lili ndi zigawo ziwiri zimene zikuoneka kuti zinagundana mofatsa osaphwanyana, monga mmene ganizo latsopanoli limayembekezera.

Timiyala tomweto tinathandizanso pa nkhani ya Jupiter. Gasi wozungulira nyenyezi amatha m'zaka mamiliyoni ochepa, pomwe njira yakale inkachedwa kumanga phata la pakati pa pulanetilo lolemera ngati maiko athu 10, limene limafunika kuti likoke gasi wambiri. Chris Ormel ndi Hubert Klahr mu 2010, kenako Michiel Lambrechts ndi Johansen mu 2012, anaonetsa kuti mphepo ija imachepetsa liwiro la timiyala todutsa pafupi ndi phata, ndiye timagweramo mosavuta ndipo limakula msanga.

Masiku ano tikuonanso ndi maso kwa nyenyezi zina. Mu Novembala 2014 matelesikopu a wailesi a ALMA a ku Chile anatulutsa chithunzi cha HL Tauri, nyenyezi ya zaka zosakwana miliyoni imodzi, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 450 kuti kufike kuno. Yazunguliridwa ndi fumbi lokhala ndi mizere yakuda, imene ambiri akuganiza kuti ndi njira zolambulidwa ndi mapulaneti ongoyamba kumene. Mu 2018 gulu la Miriam Keppler linajambula pulaneti lenileni likadali mkati mwa fumbi la nyenyezi ya PDS 70. Chithunzi cha HL Tauri chili pa intaneti kwaulere, ndipo ngakhale pa foni chimaoneka bwino. Chonde, aonetseni ana.

Musawabisire kuti zina sizinayende monga akatswiri ankaganizira. Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza pulaneti lalikulu limene limazungulira nyenyezi ya 51 Pegasi m'masiku 4 okha, pafupi kwambiri moti silikanapangikira pamenepo. Zinaoneka kuti mapulaneti amasamuka. Pano mapulaneti odziwika a nyenyezi zina apitirira 5,000, ndipo ambiri safanana ndi athu.

Za mtsikanayo, ndikupemphani mumuuze zoona: ntchitoyi tsiku ndi tsiku ndi masamu, fizikisi ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ngakhale amene amagwiritsa ntchito ALMA kawirikawiri sapita ku Chile, zotsatira zimawapeza pa kompyuta, ndipo pakapita nthawi zimatsegulidwa kwa aliyense. Alimbikire masamu, ndipo ngati pasukulu panu pali Additional Mathematics asaithawe. Akapeza kompyuta ayambe kuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu. Fizikisi angakaphunzire ku UNZA ku Lusaka kapena ku Copperbelt University ku Kitwe, kumene kulinso ofesi ya kum'mwera kwa Africa yolimbikitsa chitukuko kudzera m'maphunziro a zakuthambo. Zambia ili m'gulu la maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya telesikopu yaikulu ya SKA, ndipo pulogalamu ya DARA yaphunzitsapo achinyamata a kuno za telesikopu za wailesi. Maphunziro ozama a mapulaneti mwina adzafunika kukawachitira kunja, ndiye inu ndi makolo ake muyambiretu kufufuza za thandizo la ndalama za sukulu asanalembe mayeso a Grade 12.