Kodi mawu akuti OK anachokera kuti?

Sabata yathayi mayi wina wa ku Zomba ananditumizira imelo. Akuti mwana wawo anabwera kuchokera kusukulu ndi nkhani yoti OK anayambira kunkhondo, pomwe asilikali ankalemba "0 killed" posonyeza kuti tsiku limenelo palibe waphedwa. Akufuna adziwe ngati n'zoona, komanso ngati "okay" ndiye kalembedwe kolondola kuposa "OK".

Mayi, nkhani ya asilikaliyo imakoma m'khutu, koma ilibe umboni. Umboni womwe ulipo ukuloza ku Boston, ku America, ndipo mwina museka mukamva kuti zonsezi zinayamba ndi nthabwala.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830, olemba nyuzi mumzindawu anali ndi kamasewera kofupikitsa mawu, koma ankayamba awalakwitsa dala kalembedwe. "No use" ankawalemba "know yuse", n'kufupikitsa kukhala K.Y. Nawo mawu akuti "all correct", kutanthauza kuti zonse zili m'malo mwake, anawapotoza kukhala "oll korrect". Pa 23 March 1839 nyuzipepala ya Boston Morning Post inasindikiza "o.k." ndipo pambali pake inamasulira kuti "all correct", chizindikiro chakuti owerenga anali asanawazolowere.

Anzake a K.Y. aja anazimiririka. OK anapulumukira m'ndale. Mu 1840 Martin Van Buren, pulezidenti wa America wa nthawiyo, ankafuna kusankhidwanso. Kwawo kunali ku Kinderhook, m'chigawo cha New York, ndiye anthu anamupatsa dzina loti Old Kinderhook. Omutsatira anatsegula O.K. Club, zilembo ziwirizi n'kumveka paliponse pa kampeni. Mkuluyo anagwa chagada, wopambana anali William Henry Harrison, koma mawu aja anali atakhazikika kale m'kamwa mwa anthu. Amene anafukula zonsezi m'nyuzipepala zakale ndi Allen Walker Read wa ku Columbia University, m'zolemba zake za 1963 ndi 1964. Ena amati gwero ndi "okeh" wa chilankhulo cha Achoctaw, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, moti pulezidenti Woodrow Wilson ankalemba choncho, koma ine ndili kumbali ya Read chifukwa iye anaonetsa mapepala okhala ndi madeti.

Ndiye funso lanu lachiwiri layankhika lokha: "OK" ndiye wamkulu, "okay" ndi mng'ono wake, anabwera pambuyo potsata katchulidwe. Onse ndi ovomerezeka. M'kalata yofunsira ntchito, ndingakulangizeni muwapewe onse awiri.

Pomwe pali ntchito ndi pa tanthauzo. Wina akati "OK" povomera, ndi "chabwino" wathu yemweyu. Mwana akagwa n'kunena "I'm OK", akuti sanavulale. Koma mukaphika nsima ya chambo, mlendo n'kunena kuti "it was OK", musamwetulire ayi. Sanayamikire, akungoti zinadyeka. Azungu amawasandutsanso mneni: bwana akasaina pempho lanu, amati "he okayed it". Mphunzitsi naye amati "OK" pongofuna kutseka mutu wina n'kulowa wina, monga momwe ife timanenera "basi" kapena "tsono".

Pa WhatsApp m'pomwe ndimachenjera kwambiri. Mulembe uthenga wautali wodandaula kwa mlongo wanu, iye n'kuyankha "ok" basi, kapena "k" yekha. Pamenepo imbani foni, chilipo chamunyansa.